Womaliza Pamzere wa Pampopi

Tsiku la Vailet linkayamba ndi mbaula. Kukoleza makala, kukanda ufa wa vitumbuwa, kuusiya ufufume. Ufa uli kufufuma, kusesa pakhomo, kukatunga madzi, kusambitsa kamwana kake ka Mervis, kukataya phulusa la dzulo. Kenako kukazinga, kuthira m'beseni, kuvundikira ndi nsalu. Beseni pamutu, mwana kumsana, ulendo wa kumsika wa Maramba. Madzulo kuchapa, kuphika, kutsuka chiwaya, kugona. Mawa chimodzimodzi.

Ntchito imodzi yokha ndiyo sankaigwira yekha: kukaima pamzere kushopu. Imeneyo inali ya Aleki, mwana wake woyamba, wa Giredi 6.

Amayi anzanga amene munali muno mu Livingstone kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 mukuikumbukira mizere ija. Shuga, sopo, mafuta ophikira amene tinkati saladi, ufa wa tirigu, chilichonse chinali cha pamzere. Kungomveka kuti lole yatsitsa katundu, Maramba yense ali pakhomo pa shopu, ndipo woima kumbuyo ankabwerera chimanjamanja. Kwa munthu wa vitumbuwa, kusowa shuga ndi saladi ndiye kuti ana agona ndi njala.

Wothandiza panalibe. Mwamuna wa Vailet anali wopereka zakudya kuhotela. Malire atatsekedwa, nkhondo ili mkati kutsidya kwa mtsinje, alendo odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya anachepa, ntchito inatha. Anakwera sitima ati akafune ina kumigodi. Kupita kwake kunali komweko.

Tsiku lina m'mwezi wa Meyi, beseni lisanafike ndi pakati pomwe, uthenga unabwera kuti Vailet akufunika kusukulu msanga. Anasiyira beseni Ada, mnzake wa benchi loyandikana, n'kuthamanga.

Mu ofesi ya a Munsaka, ahedi a sukuluyo, anapeza Aleki ataima pakona, shati itang'ambika paphewa. Pampando panali mnyamata wina dzina lake Mwiya, mlomo utatupa ngati tomato. Bambo ake a Mwiya, munthu wa kunjanji, anali atabwera ndi ovololo yomwe ya kuntchito. Anatambasula dzanja. M'dzanjamo munali dzino.

"Bamake Aleki, onani nchito ya mwana wanu," anatero. "Ichi si mwana, ni chilombo. Mukachimange na cheni kunyumba."

Nkhani yake inali yaifupi. Pa buleki ana anali pamzere wokamwa madzi pampopi. Mwiya analowerera kutsogolo kwa Aleki. Aleki anamugwira pakhosi n'kumuombetsa pakamwa pa chitsulo cha mpopi. Sikanali koyamba kumenya mnzake. Aphunzitsi anali atasiya ndi kuwerenga komwe.

"Mayi, ife tayesa," anatero ahedi. "Tamukwapula mpaka ndodo kutha. Dzenje la zinyalala lija kuseli, anakumba ni iye. Udzu wa pagiraundi, amatchetcha ni iye. Kucha kwake wamenyanso wina. Manje yafika pa mano. Mutengeni, ayende."

Vailet sukulu anailekezera Sitandade 4. Ankadziwa bwino kuti chipata cha sukulu chikakutsekera kumbuyo, sichikutsegukiranso. Anagwada pasimenti, Mervis ali kumsana.

"Ba hedi, chaka cha mawa alemba Giredi 7. Mukamuchotsa manje, nizamupeleka kuti? Mumenyeni futi, nabwela nayo mphamvu, nimugwile ine."

"Kumenya tamenya kale, mayi."

Pakhomo panali pataima mphunzitsi wa kalasi ya Aleki, a Mutumba, mayi wamfupi wochokera ku Mongu, wosakonda kukweza mawu. Iwo ndi amene anayankhula.

"Ba hedi, nipatseniko mwana uyu mpaka kutseka kwa chaka. Koma ndodo muiike pansi. Za iye muzinifunsa ine."

Ahedi anayang'ana dzino lija. Kenako anati, "Chabwino. Koma akakhudza mwana wina kamozi chabe, sinizakuitanani, mayi. Azabwela yeka kunyumba na mabuku yake."

Bambo a Mwiya anatuluka osatsanzika.

Panja, pansi pa mtengo wa mango, a Mutumba anayamba kumufunsa Vailet mafunso amene iye anawaona ngati otaya nthawi. Kodi kunyumba Aleki amamenya mlongo wake? Ayi, amamubereka ndi kumudyetsa. Nanga pampira? Ayi, sanamvepo.

"M'kalasi namo ni mwana wa zii," anatero aphunzitsiwo. "Ine namuyang'anila bwino. Amenya pa pompi. Amenya pa asembule. Amenya pakhomo la kalasi poloŵa. Konse uko kuli laini. Bamake Aleki, mwana uyu laini anaiphunzilila kuti?"

"Ku shopu," anayankha Vailet, ndipo pang'ono pokha akanamwetulira. "Paja palibe amukwanitsa. Olo azibambo. Akayenda uyu, shuga ibwela."

 A Mutumba anangomuyang'ana.

Vailet anamva kutentha kumaso. "Ba ticha, imwe mwezi ukasila mulandila. Ine mwana uyu akapanda kuima pa laini, tizadya chani? Ma buku?"

"Sininakambe kanthu. Koma tsiku lina mukaimeko patali, mumuone."

Madzulo a tsikulo Vailet anatenga mthiko. Aleki anangotembenuka kupereka msana, monga mwana amene anazolowera. Zimenezi zinamufooketsa mkono mayiyo. Anauponya mthiko m'beseni.

"Iwe, wamumenyela chani mwana wa eni?"

"Ananiloŵelela."

"Manje madzi ya pa pompi yasila? Ni shuga ija?"

"Yasila, amama. Belu ikalila ba ticha achotsa mutu wa pompi. Ali kumbuyo sakumwa."

Zinali zoona. Anthu a m'komboni ankabwera kudzatunga madzi pasukulu, ndiye ahedi analamula kuti mutu wa mpopi uzichotsedwa n'kumasungidwa mu ofesi. Unkatuluka pa buleki pokha. Mpopi umodzi, ana mazanamazana.

Loweruka lotsatira kunamveka kuti kwabwera saladi. Aleki ananyamuka ndi botolo. Vailet anamutsatira chapatali n'kukaima kuseri kwa ngolo ya makala.

Zimene anaona sanaziiwale. Chitseko chitangoti gwa kutseguka, mzere unasanduka chipwirikiti. Aleki anawerama, mutu kutsogolo ngati tonde, n'kulowa pakati pa miyendo ya anthu. Chigongono m'nthiti mwa mayi wina woyembekezera. Bambo wina anamukoka shati, iye anamuluma dzanja. Mtsikana wamsinkhu wake anayesa kumudutsa, anamuponda phazi mpaka kukhala pansi. Amayi ena ankatukwana, ena ankaseka.

"Kafika kambuzi ka Vailet! Chenjelani na nthiti!"

Anatuluka botolo litadzaza, nkhope ikuwala, diso limodzi litafiira. Ankathamangira kunyumba kukalandira chitumbuwa chachikulu chimene mayi ake ankamusungira masiku otere. Masiku obwera chimanjamanja kunalibe chitumbuwa. Kunali mthiko, ndi mawu akuti, "Unali kugona pa laini? Anzako akupitilila iwe uli chabe gwa?"

Vailet anakhala kuseri kwa ngoloyo mpaka wamakala anamufunsa ngati akugula.

Lolemba anapita yekha kusukulu osaitanidwa.

"Namuona," anatero. "Manje nichite bwanji?"

"Ku shopu asayendeko futi. Olo kamozi. Zotsala ni za ine kuno. Koma pa Chisanu paliponse muzibwela pa buleki, tikhale atatu."

"Pa Chisanu ndiye pamene msika ugwila, ba ticha."

"Nidziŵa."

Chimene a Mutumba anachita kusukulu chinadabwitsa ambiri. Anapita ku ofesi, anatenga mutu wa mpopi uja n'kuupereka m'manja mwa Aleki. Kuyambira tsikulo, belu la buleki likalira, iye ndiye ankatsegula madzi n'kuima pambali. Ana onse amwe, iye amwe pomaliza. Belu lolowera likalira asanamwe, anali ndi chilolezo chotsala, amwe mpaka akhute, atseke, abweze mutu ku ofesi.

"Madzi ali m'manja mwako," anamuuza. "Palibe angakutsekele. Nifuna uone na maso yako kuti womaliza naye apeza."

Anamuuzanso china. "Pachifuwa pakayamba kupsa, usayembekeze kuti manja yaganize. Usapemphe na chilolezo. Choka, yenda ku dimba, tenga ndowa, thilila lepu mpaka pazizile. Ukabwela uzaniuza zinayamba bwanji."

Dimbalo linali la sukulu, la pulodakishoni yuniti, monga zinkakhalira m'masukulu nthawi imeneyo. Kuseri kwake kunali thanki ya madzi othirira ndi ndowa ziwiri zamalata.

Aphunzitsi ena sanakondwe. Wina ananena poyera kuti masiku ano ukafuna udindo pasukulu uyambe wagulula mnzako dzino. Ana nawo anamupatsa dzina. "Ba Kapitao ba pompi! Tiloleniko timweko, ba Kapitao!" Anyamata akuluakulu ankachita dala kumwa pang'onopang'ono, kusukusula nkhope, kutsuka ndi mapazi omwe, uku akumuyang'ana m'maso.

Masiku oyamba Aleki ankakhala kudimba nthawi yaitali kuposa m'kalasi. Lepu wa chaka chimenecho ananona ngati wothira feteleza wa boma. A Mutumba ankamusiyira ntchito ya m'kalasi kuti aichite anzake ataweruka, iwo atakhala pomwepo akuchonga makope.

Pa Chisanu Vailet ankabwera, atatuwo n'kukhala pansi pa mango. Panalibe ulaliki. Aphunzitsi ankangofunsa kuti sabata imeneyo pachifuwa panapsa liti, anayambitsa ndani, iye anamva chiyani m'thupi asanafune kumenya. Poyamba Aleki ankangokumba pansi ndi chala chakuphazi. Patapita masabata anayamba kuyankha.

"Makutu yayamba kulila. Ndiye manja yazitseka yeka."

"Ndiye makutu yakayamba kulila, ndiyo belu yako. Usayembekeze manja."

Vailet ankangomvetsera. Tsiku lina a Mutumba anamutembenukira. "Bamake Aleki, sabata ino sanakhudze munthu. Muuzeni kanthu."

 Kuyamikira mwana chifukwa choti sanachite kanthu, kwawo kwa Vailet kunalibe. Anangoti, "Wachita bwino." Aleki anayang'ana kumbali, koma makutu ake anagwedera.

Kunyumba zinthu zinathina. Tsopano pamzere ankaima ndi Vailet mwini, Mervis ali kumsana. Munthu wobereka mwana sangalowe pakati pa miyendo ya anthu. Nthawi zambiri ankabwerera chimanjamanja, dzuwa litakwera, makasitomala a m'mawa atagula kale kwa ena. Vitumbuwa vinayamba kupezeka lero, mawa ayi. Kasitomala sadikira munthu.

Ada sanamusiye. "Mwandi, uli na mwana mwamuna wamphamvu monga uja, iwe uima pa laini monga mbeta? Ba ticha bako bazakupatsa shuga?"

"Nisiye, Ada."

"Nikamba chabe. Ife ŵana ŵathu amenyana, akula. Uyu wako ni dzila?"

Sipanatenge nthawi, benchi la Vailet la pafupi ndi khomo la msika linapita kwa mng'ono wake wa Ada, poti mwini wake ankasowasowa. Vailet anasiya vitumbuwa n'kuyamba kuoda tomato, kumagulitsira kumapeto kwa msika, pafupi ndi ngalande, kumene ntchentche zinkachuluka kuposa ogula.

Tsiku lina kunamveka kuti kwabwera shuga wambiri. M'nyumba munalibe ndi kasupuni komwe. Aleki anatenga yekha chikwama.

"Amama, lekani niyende. Kamozi chabe. Ba ticha sazadziŵa."

Vailet anachiyang'ana chikwamacho nthawi yaitali. Akanangogwedeza mutu, mawa lake akanakazinga. Anachilanda n'kuchipachika pamsomali.

"Tiyi wopanda shuga sanaphepo munthu. Tenga buku."

Musaganize kuti mwanayo anasintha ngati kuzimitsa nyali. M'mwezi wa Seputembala, kutentha kutayamba, mnyamata wina anamulavulira madzi kumaso pampopi. Aleki anamugwira kolala. Ana anakuwa. Anamugwira choncho, chibakera chili m'mwamba, kenako anamusiya n'kuthamangira kudimba. Kumeneko anaimenya theche ndowa ya sukulu mpaka inaphwanyika pansi pake.

Nkhani inafika kwa ahedi. Vailet anaimva kwa ana a m'komboni ndipo anathamangira kusukulu. Anapeza a Mutumba ali kale mu ofesi.

"Munakamba kuti akakhudza mwana," ankatero ahedi. "Kolala ili pa mwana."

"Ba hedi, wagwila, inde. Koma wasiya yeka, palibe anamugwila dzanja. Mwezi wa Meyi akanasiya? Wamenya ndowa m'malo mwa mutu wa munthu. Ine niona kuti tiyenda."

Ahedi anapukusa mutu. "Imwe ba Mutumba muzanipha na bipi. Iyi niiŵala. Yachiŵili kulibe. Ndipo ndowa ya sukulu ibwele."

Mawa lake Vailet anabweretsa ndowa yake yotungira madzi. Kunyumba anayamba kutungira m'mapoto.

Kenako unafika Okutobala, mwezi umene Livingstone amatentha mpaka phula kumata ku nsapato. Tsiku lokumbukira ufulu, ana asukulu anaguba m'tauni, mayunifolomu atachapidwa, timbendera m'manja. Pobwerera kusukulu, komiti ya makolo inali itakonza mabanzi ndi chakumwa chofiira chosungunula cha m'mabotolo. Mwana aliyense banzi imodzi ndi kapu imodzi. Kwa ana ambiri a ku Maramba, banzi imeneyo ankailota kuyambira sabata yatha.

Makolo anaima kumpanda akuonerera. Vailet analipo, atayala tomato pachiguduli, poti pamene pali anthu pali malonda.

Kalasi ya Giredi 6 inafola. Aleki anapita yekha kumapeto kwa mzere, osauzidwa. Vailet anamuona akuyang'anitsitsa dengu la mabanzi, khosi litatalika.

Ogawa anali makolo awiri osadziwa nkhope za ana. Anyamata ochenjera anazindikira msanga. Ankalandira, kuzungulira kuseri kwa kalasi, kupukuta pakamwa, n'kulowereranso pakati pamzere. Vailet anaona mmodzi akulowa kutsogolo kwenikweni kwa Aleki. Anamuzindikira ndi mpata wa dzino. Anali Mwiya.

Mwiya analandira banzi yachiwiri. Mayi wogawa anapisa dzanja m'dengu kuti apatse Aleki, anafufuza, anatembenuza dengu. Munagwa nyenyeswa zokha.

"Yasila, mwana wanga. Pepa."

Mwiya sanachoke. Anaima pomwepo, anailuma banzi ija ndi mano am'mbali, tsaya litatupa.

"Ba Kapitao, womaliza naye apeza, si so? Nimenye kaili. Nimenye tione ngati Mande uzabwela."

Ana anazungulira, monga achitira ana akanunkhiza ndewu. Ahedi anali pakhonde la ofesi, manja kumbuyo, akuona zonse. Vailet anaponda tomato wake osadziwa. Anafuna kumukuwira. Ankaona manja a mwana wake akudzitseka okha, mapewa akukwera, mutu ukuwerama ngati tsiku lija kushopu.

Anamva dzanja pamkono pake. Anali a Mutumba, atatulukira kumpanda.

"Musamuitane. Musiyeni."

"Ba ticha, azamupha."

"Musiyeni."

Aleki anaima choncho, akupuma ngati wathamanga mtunda. Kenako anakweza manja onse awiri n'kutseka makutu ake. Anatembenuka. Ana anapatuka okha. Anayenda, osathamanga, kudutsa pagiraundi ponse, anzake akumuwowoza kumbuyo, mpaka anakalowa kudimba.

Tsiku la tchuthi, yunifolomu yochapa ili m'thupi, anathirira lepu yense, anathirira anyezi, anathirira ndi mizere imene inali itakololedwa kale. Vailet ndi aphunzitsi anamudikira mpaka ndowa zinayamba kuyenda pang'onopang'ono, ndiye anapita.

Anamupeza atakhala pandowa ya mayi ake ija, matope mpaka m'mawondo, misozi ikutsika.

"Munaninama, ba ticha. Munakamba ati womaliza naye apeza."

A Mutumba anakhala pansi pamzere wa anyezi, diresi yawo ya chikondwerero ili m'dothi.

"Lelo sunapeze. Ni zoona. Sinizakunama, masiku ena womaliza sapeza, ndipo ciŵaŵa. Banzi yayenda. Manje niuze, chatsala ni chani?"



Anayankha ndi ahedi. Anali atafika mwakachetechete n'kuima pampanda wa dimba. Anayang'ana mizere yonyowa ija, anayang'ana mnyamatayo.

"Iwe, madzi ya thanki si ya ambuye ako, wamaliza yonse," anatero. "Mande ufike msanga. Pompi siizitsegula yeka."

Anatembenuka n'kumapita. Vailet anakhala pansi pomwepo m'matope.

Kenako anauyamba ulendo wa kunyumba. Atafika pa kantini ya pakona, Vailet anafunsa ngati muli mabanzi. Munalibe, poti ufa wa tirigu wochepa umene unalipo m'tauni unali utathera ku chikondwerero. Anadya tomato wopondedwa uja ndi mchere, n'kugona.

Aleki anamaliza chaka osakhudza munthu. Chaka chotsatira a Mutumba anapempha kuti akwere nayo kalasiyo ku Giredi 7, ndipo mutu wa mpopi anaupereka kwa mwana wina wa Giredi 4 amene anali atayamba kuluma anzake. Anamuphunzitsa ntchitoyo ndi Aleki. Mayeso analemba, dzina lake linatuluka, anapita ku sekondale. Sanali woyamba m'kalasi, ndipo ukali sunathe ngati chimfine. Mpaka lero akapsa mtima amatuluka panja n'kukafuna chonyamula. Koma sekondale anaimaliza, woyamba m'banja lonse la Vailet, ndipo pano ali kukoleji ya aphunzitsi. Akabwera patchuthi amapita kukagwira ntchito m'dimba la a Mutumba, amene anapuma ntchito.

Amayi anzanga, ndalemba izi chifukwa ambiri tili ndi ana amene mayina awo amatchulidwa pa asembule. Tikaitanidwa kusukulu timapita titakwiya kale, kapena timatuma mlongo wathu kuti tisachite manyazi. Pitani nokha. Funsani aphunzitsi kuti mwanayo amamenya pati, nthawi yanji, atatani. Mwana samenya paliponse. Pali malo ake, ndipo malowo ali ndi chifukwa chake, mwina chili m'nyumba mwanu momwe. Pasukulu iliyonse pamakhala mphunzitsi mmodzi amene amayang'ana asanakwapule. Mufuneni ameneyo, mugwirane naye dzanja, ndipo akakuuzani chovuta musathawe. Mwana amene anthu amutcha chilombo musamutaye, ndipo inu nomwe musataye mtima.

Koma sindikunamizani kuti n'zaulere. Vailet ku vitumbuwa sanabwererenso, benchi la pakhomo la msika linapita mpaka kalekale, ndipo mpaka pano amagulitsa tomato pafupi ndi ngalande. Msika wa pa Chisanu anautaya kwa chaka ndi theka. Ndowa sanagule ina mpaka Mervis atayamba sukulu. Ubwenzi ndi Ada unathera pomwepo. Miyendo yake inatupa ndi mizere ya kushopu ndipo ikafika nyengo yozizira imamukumbutsa. A Mutumba anadutsidwa paudindo wa wachiwiri kwa ahedi, anzawo ati amalekerera ana. Mwiya anakula ndi mpata pakamwa, dzino lija silinamerenso, ndipo bambo ake mpaka anamwalira sanamupatsepo Vailet moni.

Mukamufunsa Vailet ngati zinali zoyenera, sayankha zambiri. Amapukuta tomato ndi nsonga ya chitenje, n'kumuika pamwamba pa mulu.

"Shuga tinamwa titaipeza," amatero. "Mwana nikanamupeza kuti wina?"